Tifunseni: Kuyenda pa Galimoto m'Zigwa ndi m'Mipata ya Mapiri a Alps

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa owerenga amene akukonza ulendo wa pa galimoto m'mapiri a Alps, mapiri aja amene anayala kuchokera ku France, kudutsa Switzerland, Italy ndi Germany mpaka ku Austria ndi Slovenia. Tasankhapo mafunso angapo, ena tawafupikitsa. Oyankha ndi anthu odziwa misewu ya m'mapiri komanso za m'kati mwa galimoto.

FUNSO: Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi masiku 7 okha. Tikufuna kuchita hayala galimoto kuti tikaone Chamonix ku France, Zermatt ku Switzerland, mapiri a Dolomites ku Italy ndi Hallstatt ku Austria. Ndawerengetsa pa mapu ndipo ndapeza kuti tikamayenda makilomita 300 patsiku zitheka. Kodi ndalakwitsa?

YANKHO: Masamu anu ali bwino bambo, koma ndi masamu a kuchidikha. M'mapiri makilomita amanama. Pa msewu wokwera mpata, liwiro lanu mukaliwerengetsa lonse limagwera pa makilomita 30 kapena 40 pa ola, ndipo apo simunaime n'komwe kuti mujambule chithunzi kapena kudikira ng'ombe kuti zidutse. Taonani Stelvio wa ku Italy: kuchokera ku Prad kukafika pamwamba ndi makilomita 24 okha, koma mumakwera mamita 1,800 ndipo mumakhota makona 48 opindika ngati chigongono. Pafupifupi ola lathunthu limathera pamenepo.

Makilomita 300 patsiku atanthauza kuti mudzasiya mipata yonse n'kumathamanga m'misewu ikuluikulu ya pansi, mukuonerera makoma a simenti ndi nyali za m'misewu yoboola mapiri. Ngati n'choncho, bola sitima. Ife tikuti patsiku musapitirire makilomita 150, mipata isapose iwiri, ndipo pamalo pamodzi muzigonapo masiku awiri. Sankhani dera limodzi, enawo adikire ulendo wina.

Dera lomwe malire a Austria, Italy ndi Switzerland akumana likukwanirani sabata yonse. Yambirani ku Innsbruck, mzinda wa ku Austria, mulowere kumadzulo mpaka ku Landeck, kenako mukhotere kumwera n'kukwera mpata wa Reschen. Umenewu ndi wofatsa, mamita 1,500 okha, wabwino kuphunzirirapo. Mukangolowa mu Italy muona nsanja ya tchalitchi itaima m'madzi pafupi ndi Graun. Mudzi wakale unamizidwa mu 1950 atamanga damu la magetsi, n'kutsala nsanja yokhayo. Mukatsetsereka pang'ono mufika ku Glurns, katawuni kozunguliridwa ndi linga lakale, komwe anthu ake sakwana 1,000. Zipata zake n'zopapatiza, choncho galimoto muisiye kunja kwa linga, mulowe wapansi.

Tsiku la Stelvio nyamukani isanakwane 8 koloko m'mawa, njinga zamoto, opalasa ndi mabasi asanadzaze msewu. Pamwamba pake ndi mamita 2,757. Msewuwu unamangidwa pakati pa 1820 ndi 1825, nthawi ya ngolo za akavalo, ndiye musadabwe ndi kuchepa kwake. Mukayamba kutsika mbali inayo, patangopita makilomita atatu pali mphambano: kupitirira n'kupita ku Bormio, kukhotera kumanja n'kudzera pa mpata wa Umbrail womwe umatsikira ku Santa Maria, m'chigwa cha Müstair ku Switzerland. Ku Müstair kuli nyumba ya masisitere ya St. Johann yokhala ndi zojambula za pakhoma za cha m'ma 800, ndipo ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa kuyambira 1983. Kuchoka apo mpata wa Ofen umadutsa m'paki ya zachilengedwe ya Switzerland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1914, n'kukafika ku Zernez. M'pakimo salola kuchoka m'kanjira ngakhale ndi phazi limodzi. Ndiye mutsate mtsinje wa Inn chotsika m'chigwa cha Engadin, mupatukire ku Guarda kukaona nyumba zokandidwa zithunzi pa pulasitala, mudutse Scuol n'kubwerera ku Landeck. Ulendo wonsewu, mpaka kubwerera ku Innsbruck, ndi pafupifupi makilomita 400.

Kena kake koti kasakusokonezeni: ku South Tyrol, dera la Italy lomwe kuli Graun ndi Glurns, malo aliwonse ali ndi mayina awiri, la Chijeremani ndi la Chitaliyana, chifukwa derali linali la Austria mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Glurns ndi Glorenza ndi malo amodzi, Stilfser Joch ndiye Stelvio yemweyo. Komanso mapu a pafoni amakonda njira yachidule, ndiye mukangolemba tawuni yomwe mukupita adzakudutsitsani pansi pa phiri. Lembani dzina la mpata weniweniwo ngati malo oyamba kufikapo.

FUNSO: Tchuthi changa chimagwa mu Epulo. Poti ku Ulaya kuzizira kumakhala kutatha, mipata yonse idzakhala yotsegula eti?

YANKHO: Ayi achimwene. M'zigwa maluwa amakhala atayamba, koma pamwamba chipale chofewa chimakhala chikadaunjikana kutalika kuposa galimoto. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, moti ku Merano, tawuni ya m'chigwa ku South Tyrol, kukakhala madigiri 18, pa Stelvio kuli 2 kapena 3.

Mipata yaitali monga Stelvio, Furka ya mamita 2,429, Susten ya 2,224, Grimsel ya 2,164, ndi ya ku France monga Galibier ya 2,642 ndi Iseran ya 2,764, imatsegulidwa kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, n'kutsekedwa mu Okutobala kapena Novembala. Tsiku lake silikhazikika. Amatsegula makina akamaliza kukumba chipale ndipo akaona kuti chotsala m'mapiri sichigumukira pamsewu. Msewu wa Grossglockner ku Austria umafulumirako, nthawi zambiri kumayambiriro kwa Meyi. Mu Epulo dalirani mipata yomwe amayesetsa kuisiya yotsegula chaka chonse: Brenner, Reschen, Simplon, Julier, Maloja, Bernina ndi Ofen. Ngakhale imeneyi amaitseka kwa maola kapena masiku nyengo ikaipa.

Ngati tchuthicho chingasunthike, chisunthireni pakati pa Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi, kapena mu Sepitembala. Ogasiti ndi wa chinamtindi cha anthu, makamaka sabata ya pa 15, pamene Italy yense amakhala pa holide. M'miyezi yotentha mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, choncho mpata udutseni m'mawa. Pali masiku enanso amene misewu monga Stelvio ndi mipata inayi yozungulira phiri la Sella imaperekedwa kwa opalasa njinga okha. Funsani pa hotelo usiku wake, ndipo pansi pa chigwa werengani chikwangwani cha mpata: offen, aperto kapena ouvert ndiye kuti mudutsa; geschlossen, chiuso kapena fermé ndiye kuti bwererani. Musapite kukadzionera nokha, mukapeza chitsulo chotchinga msewu pamalo ovuta kutembenukirapo.

FUNSO: Mnzanga akuti potsika phiri lalitali mabuleki amatha kungosiya kugwira, ngakhale galimoto ili yatsopano. Zoona zimenezi? Ine ndimayendetsa ya othomatiki ndipo giya sindiigwira n'komwe.

YANKHO: N'zoona mayi, ndipo pa mafunso onse a mwezi uno ili ndi lomwe tikufuna aliyense awerenge kawiri. Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500 ikamatsika mamita 1,800 iyenera kutaya mphamvu yokwanira kuwiritsa madzi ozizira malita pafupifupi 80. Phazi lanu likakhala pa buleki njira yonse, gawo lalikulu la moto umenewo limathera m'zitsulo zinayi za kumatayala, zomwe sizipeza mpata wopuma.

Zikatero pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina mapadi a mabuleki amapsa: mumamva fungo la chinthu chopserera, buleki ikadali yolimba kuphazi, koma galimoto siichepetsa liwiro mmene imachitira. Chinacho n'choopsa kwambiri, mafuta a mabuleki amawira. Mafuta a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230 kapena kuposa, koma amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba amatha kuwira pa madigiri 155. Akawira m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika. Mukaponda, buleki imangolowa mpaka pansi popanda chogwira. N'chifukwa chake mafutawa amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale galimoto yayenda pang'ono.

Chotetezera ndi injini. Giya yomwe mwakwerera ndi yomwe mutsikire: yachiwiri, mwina yachitatu pamene msewu wawongoka, ndipo pa makona opindika kwambiri ngakhale yoyamba. Injini idzalira mokweza, muvi wa kuzungulira kwa injini ukuloza pa 3,000 kapena 4,000. Isiyeni ilire, siikuwonongeka, ikukugwirirani galimoto. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa masekondi atatu kapena anayi pamalo owongoka kona isanafike, kenako muchotsepo phazi lonse kuti mphepo iziziritse zitsulo. Kuponda pang'onopang'ono kosalekeza ndi komwe kumapha mabuleki.

Ya othomatiki ilinso ndi njira yake. Pa giya yanu fufuzani chilembo M, S, L kapena B, kapenanso timanja tiwiri kuseri kwa chiwongolero tokhala ndi chizindikiro chophatikiza ndi chochotsera. Mukasiya pa D, galimoto zambiri zimadzisankhira giya yapamwamba n'kumathamanga zokha. Funsani a hayala akuonetseni musanatuluke pa geti. Ndipo pali zinthu ziwiri zomwe musayerekeze: kuika giya pa nyutilo pofuna kupulumutsa mafuta, ndi kuzimitsa injini. Mukazimitsa injini, buleki ndi chiwongolero zimataya mphamvu yozithandiza, zonse zimauma.

Nanga zikakanika? Pondani n'kusiya, pondani n'kusiya, mwachangu kangapo, nthawi zina buleki imabwererako. Tsitsani giya imodziimodzi, osalumpha. Kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani kuti matayala akumbuyo asamange. Ikakhala yamagetsi, ikokeni n'kuigwirabe. Mukapeza popatukira imani kwa mphindi 20 kapena 30. Musathire madzi pa zitsulo zotenthazo chifukwa zimapindika kapena kung'aluka, ndipo musamange handibuleki pa zitsulo za moto. Siyani galimoto pa giya yoyamba kapena pa P, matayala akutsogolo aloze kuchitunda, mwala pansi pa tayala. Ngati buleki inafika polowa mpaka pansi, ngakhale ioneke kuti yachira itazizira, itanani okonza. Mafuta amene awira kamodzi sachedwa kuwiranso.

Pokwera vuto ndi lina. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse. Galimoto ikamaoneka yaulesi pamwamba, siinawonongeke, tsitsani giya basi. Muvi wa kutentha ukamakwera, zimitsani choziziritsira m'galimoto, yatsani hita mpaka pamapeto mawindo ali otsegula, ndipo patukani. Chitsekero cha rediyeta musachigwire injini ikadali yotentha.

FUNSO: Ndinazolowera kuyendetsa kumanzere kwa msewu, pomwe kumeneko amayenda kumanja. Ndamvanso kuti misewu ina siikwana galimoto ziwiri. Tikakumana pamalo otero, apatuke ndani?

YANKHO: Wotsika ndiye aime, achemwali. Ku Switzerland lamulo ndi lomveka bwino: pa msewu wa m'phiri wopapatiza, wokwera ali ndi ufulu, wotsika aime msanga, ndipo ngati kupitana sikutheka wotsikayo abwerere chammbuyo, pokhapokha ngati wokwerayo ali pafupi kwambiri ndi popatukira. Chifukwa chake n'chakuti kunyamukanso pa chitunda n'kovuta, komanso wobwerera chokwera amailamulira bwino galimoto kusiyana ndi wobwerera chotsika. Koma zikakumana zosiyana msinkhu, yaing'ono ndiyo ibwerere, kaya ikukwera kaya ikutsika. Lole kapena basi siingakubwerereni.

Dziwaninso mabasi achikasu a positi. Mukaona chikwangwani chabuluu chokhala ndi lipenga lachikasu, ndiye kuti pa msewu umenewo dalaivala wa basi akakulozerani chochita, muyenera kumvera. Basiyo imaliza hutala ya mawu atatu isanafike pa kona yobisika. Tsitsani windo pang'ono, chepetsani wailesi, ndipo mukaimva imani kona isanafike, osati m'kati mwake, pakuti basi yaitali imadya mbali zonse ziwiri pokhota.

Pa kona yopindika ngati chigongono sankhani giya musanalowemo, chifukwa kusintha giya pakati pa kona pokwera ndi komwe kumazimitsa injini. Kona yokhotera kumanja ndiyo yovuta, popeza inu mumakhala m'kati momwe chitunda chaima kwambiri. Musayang'ane pa boneti. Tembenuzani khosi muyang'ane pa windo la m'mbali, kumene msewu ukupita, muone ngati kukutsika wina.

Za kuyenda kumanja, anthu salakwitsa pamene pali galimoto zambiri, poti amangotsata anzawo. Amalakwitsa m'mawa potuluka pa hotelo, kapena ponyamuka pamalo ojambulira zithunzi msewu uli zii. Kumbukirani kuti mpando wa dalaivala uyenera kukhala kufupi ndi mzere wa pakati. M'midzi, pa mphambano yopanda chikwangwani, wochokera kumanja kwanu ndiye ayambe. Chikwangwani chachikasu cha ngodya zinayi chokhala ndi mkombero woyera chikutanthauza kuti msewu wanu ndiwo waukulu. Ku Switzerland nyali ziyenera kuyaka ngakhale masana. Eni dera amaidziwa misewuyi ndipo amafulumira, ndiye mukaona mzere kumbuyo kwanu patukani adutse. Opalasa njinga asiyireni mpata wa mita ndi theka, ndipo potsika musalimbane nawo, ambiri amathamanga kuposa galimoto. Musanachoke kwanu katengeni laisensi yoyendetsera m'mayiko ena, muyende nayo pamodzi ndi yanu ya masiku onse, chifukwa a hayala ndi apolisi amatha kufuna zonse ziwiri.

FUNSO: Kupatula mafuta ndi hayala, n'chiyani china chomwe ndidzalipire pamsewu? Sindikufuna kudzalandira zindapusa nditabwerera kale.

YANKHO: Dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake bambo, ndipo malire mumawadutsa osazindikira. Ku Switzerland misewu ikuluikulu imafuna chiphaso chotchedwa vignette, cha ma franc 40. Palibe cha sabata kapena cha mwezi, ndi cha chaka basi, ndipo chimagwira kuyambira pa 1 Disembala chaka chapitacho mpaka pa 31 Januwale chaka chotsatira. Kuyambira 2023 chilipo cha pa intaneti chomwe amalumikiza ku nambala ya galimoto. Akakupezani mulibe, chindapusa ndi ma franc 200, kuwonjezera kugula chiphasocho. Ku Austria vignette ilipo ya tsiku limodzi, ya masiku 10, ya miyezi iwiri ndi ya chaka, koma misewu ina monga wa Brenner, wa Tauern ndi woboola phiri la Arlberg ili ndi malipiro akeake pamwamba pa vignette. Grossglockner, msewu wa makilomita 48 womwe unatsegulidwa mu 1935, umalipiritsa ma euro oposa 40 pa galimoto, ndipo usiku amautseka. Ku Italy ndi ku France mumatenga tikiti polowa mumsewu waukulu n'kulipira potuluka. Peŵani mizere yolembedwa Telepass kapena ya chilembo t ngati mulibe kachipangizo kake. Galimoto ya hayala nthawi zambiri imakhala ndi vignette ya dziko lomwe mwaitenga lokha, ndipo muwauze eni ake mayiko onse amene mudutse kuti inshuwalansi igwire.

Mitundu ya zikwangwani ndiyo imakola alendo. Ku Switzerland ndi ku Italy chikwangwani cha msewu waukulu wolipira ndi chobiriwira, cha msewu wamba ndi chabuluu. Ku Austria, Germany ndi France cha msewu waukulu ndi chabuluu. Ulendo wa ku Engadin womwe tafotokoza poyamba uja sufuna vignette ya Switzerland, koma msewu waukulu wa Innsbruck kupita ku Landeck umafuna ya Austria.

Poimika galimoto mitundu imasinthanso. Ku Italy mizere yabuluu ndi yolipira, yoyera ndi yaulere. Ku Switzerland yabuluu ndi yaulere kwa ola limodzi, bola muike pa galasi kakhadi kozungulira kosonyeza nthawi yomwe mwafika, muvi wake mutausunthira pa theka la ola lotsatira; yoyera nthawi zambiri ndi yolipira. Yachikasu, kulikonse, ndi ya eni ake. M'matawuni a ku Italy samalani ndi chikwangwani cha bwalo lofiira cholembedwa ZTL, kutanthauza dera lomwe galimoto zopanda chilolezo siziloledwa kulowa. Palibe geti, pali kamera, ndipo kulowa katatu ndi zindapusa zitatu, zomwe zimakutsatani patapita miyezi pamodzi ndi ndalama yomwe a hayala amadula popereka dzina lanu. Ngati hotelo yanu ili m'kati mwa ZTL, iuzeni nambala ya galimoto musanafike.

Pa liwiro, Switzerland sichita nthabwala. M'tawuni ndi 50, kunja 80, mumsewu waukulu 120. Kupitirira ndi makilomita 6 mpaka 10 m'tawuni ndi ma franc 120, ndipo 11 mpaka 15 ndi ma franc 250. Kuposa apo nkhani imapita kwa oweruza. Mapulogalamu a pafoni ochenjeza za makamera ndi oletsedwa kumeneko. Dziwaninso kuti Switzerland siili mu European Union, choncho khadi ya foni yomwe mwagula ku Austria kapena ku Italy ikhoza kukudyerani ndalama mukangodutsa malire. Koperani mapu mufoni musananyamuke.

FUNSO: Tikufuna kupita mu Disembala kuti ana akaone chipale chofewa. Galimoto wamba ikwanira?

YANKHO: Ikwanira ngati ili ndi matayala a nyengo yozizira, mayi. Tayala wamba limauma kukazizira ndipo limatsetsereka ngakhale pa phula louma. Yang'anani m'mbali mwa tayala chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu. Ku Austria matayalawa ndi lamulo kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 15 Epulo msewu ukakhala ndi chipale kapena madzi oundana, ndipo mizere yake isachepere mamilimita 4. Kumapiri a ku France lamulo la matayala kapena matcheni limagwira kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Ku Italy misewu yambiri imafuna zimenezi kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo ku Valle d'Aosta amayamba pa 15 Okutobala. Galimoto yomwe mwatenga mumzinda wa kuchidikha monga Milan ikhoza kubwera ndi matayala wamba ndi matcheni m'buti basi, ndiye nenani pomwe mukusungitsa.

Chikwangwani chabuluu chozungulira chokhala ndi tayala la tcheni chikutanthauza kuti popanda matcheni simupitirira. Amavekedwa ku matayala amene amakoka galimoto, pa galimoto zambiri ndi akutsogolo. Mukaveka yendani mamita 50 kapena 100, imani muwakungenso, musapitirire makilomita 50 pa ola, ndipo mukafika pa phula lopanda chipale achotseni. Yeserani kamodzi pamalo ouma masana. Kuphunzira kuveka tcheni mumdima, zala zitauma ndi chisanu, n'kodzizunza. Ikani m'buti magolovesi, tochi ndi kamphasa kogwadapo. Ngati galimoto ndi ya dizilo, thirani mafuta kumapiri komweko: dizilo wa nyengo yotentha amalimba ngati phula kukazizira kwambiri n'kutseka sefa, pomwe wa nyengo yozizira amapirira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro.

Mipata ikatsekedwa pali sitima zonyamula galimoto. Mumakwera nayo pa ngolo, kuzimitsa injini, kumanga handibuleki, n'kukhala momwemo. Ya Furka imachoka ku Realp kupita ku Oberwald, ya Lötschberg ku Kandersteg kupita ku Goppenstein, iliyonse pafupifupi mphindi 15, ndipo ya Vereina imalumikiza Klosters ndi Engadin. Ana amaikonda kuposa mpata weniweniwo.

FUNSO: N'zoona kuti ku Zermatt salola galimoto?

YANKHO: N'zoona. Galimoto imatsala ku Täsch, makilomita 5 pansi, ndipo sitima imakufikitsani pa mphindi 12. Wengen ndi Mürren nakonso kulibe msewu wa alendo, galimoto imatsala ku Lauterbrunnen kapena ku Stechelberg. Ku Saas-Fee imathera pa khomo la mudzi. Ku Dolomites msewu wokwera ku Seiser Alm umatsekedwa kwa alendo kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo pa nyengo ya alendo, ndipo wa ku nyanja ya Braies m'miyezi yotentha umafuna kusungitsiratu malo. Ngati malo ambiri pa mndandanda wanu ndi otere, muzilipira hayala ndi poimika galimoto yongokhala. Konzani kuti masiku a midzi imeneyi akhale koyambirira kapena kumapeto, mutabweza galimoto.

FUNSO: Tiyenda ndi ana awiri aang'ono ndi agogo awo aakazi. Kodi kutalika kwa mapiriko sikungawadwalitse? Nanga chakudya n'chosavuta kupeza m'timatawunito?

YANKHO: Kungodutsa pa mpata wa mamita 2,500 kwa ola limodzi anthu ambiri sikuwavuta, kupatula kupuma mofulumirako ndi kamutu pang'ono. Kugona n'kumene kumavuta, ndiye muzigona m'chigwa. Ngati agogo ali ndi vuto la mtima kapena la mapapo, akaonane ndi dokotala ulendo usanayambe. Ana amavutika ndi makutu potsika. Apatseni chakumwa kapena chotafuna kuti azimeza, wakhanda ayamwe. Nseru imachokera ku makona, choncho foni ndi mabuku zisungidwe, maso ayang'ane kutsogolo, ndipo muziima mphindi 45 zilizonse. Juzi ikhale pafupi, osati pansi pa masutikesi, komanso dzuwa la kumtunda limawotcha khungu ngakhale kukuzizira. Ng'ombe za m'mbali mwa msewu ana asaziyandikire, makamaka zokhala ndi ana ake.

Chakudya chilipo chokoma, monga knödel ku Tyrol ndi pizzoccheri cha ku Bormio, koma chili ndi nthawi yake. Makhitchini ambiri amaphika kuyambira 12 mpaka 2 koloko, n'kutseka mpaka 6 kapena 7 madzulo, ndipo ikamakwana 9 ophika amakhala ataweruka. Malo odyera ambiri ali ndi tsiku lopuma pa sabata, lolembedwa Ruhetag pachitseko. Lamulungu masitolo ambiri ku Austria ndi ku Switzerland amakhala otseka, ndipo ku Italy ang'onoang'ono amatseka masana. Gulani buledi, tchizi ndi zipatso Loweruka. Mafuta nawonso thirani m'chigwa thanki ikafika theka, pamwamba pa mipata palibe pothirira, ndipo mapampu ambiri a m'midzi alibe munthu, amafuna khadi ya kubanki yokhala ndi nambala yachinsinsi. Pa ngozi imbani 112 m'mayiko onsewa.

FUNSO: A hayala akuti galimoto yamagetsi ndiyo yotchipa. Batire ingapirire mapiri?

YANKHO: Ipirira. Pokwera batire imatsika mochititsa mantha, koma potsika mota imagwira galimoto n'kubweza gawo lina la moto mu batire, ndipo mabuleki satentha. Msampha uli pamodzi: batire ikadzaza mpaka 100 ilibe poika motowo, ndiye kugwira kwa mota kumachepa ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki, pa galimoto yomwe ndi yolemera kale. Mukagona pamalo okwera monga Andermatt kapena Livigno, m'mawa mwake n'kuyamba ndi mtsetse, tchajani mpaka 80 basi.